Vinyo wa nthochi wa bambo

Ndikukumbukira chaka chomwe bambo anachotsedwa ntchito kufakitale ina ku Makata, matipate atangoyamba kumene. Ine ndinali mu Sitandade 5. Chomwe tinatsala nacho chinali kamunda ka kuseri kwa nyumba yathu ku Machinjiri, kodzala nthochi, nzimbe chakumtsinje, ndi chimanga pang'ono. Panali anthu ofuna kugula malowo, ndipo bambo akanalola, tikanabwerera kumudzi ku Phalombe komwe ine sindinkadziwa aliyense.

M'mawa uliwonse bambo ankazungulira m'mundamo manja ali kumbuyo, akuyala mapulani. Apa padzakhala khola la nkhuku, apo kashedi kogulitsira zakumwa. Koma pulani yaikulu inali vinyo wa nthochi, yemwe mnzawo wina anawauza kuti mabwana a m'tauni amamukonda.

"Bambo a Esi, nthochizi tipangire zitumbuwa," anatero mayi. "Anthu pasiteji amafuna chotafuna."

"Zitumbuwa aliyense akupanga, mayi a Esi. Ife tiziganiza zapatsogolo."

Mayi sanatsutse. Anangogawana ndi bambo mikoko ya nthochi ija.

Ine ndinkagwira mbali zonse. Ndi bambo tinkafinya nthochi zakupsa m'ndowa, manja ali nyatanyata, ntchentche zikutizinga. Anathiramo shuga ndi isiti, n'kutsanulira m'mabotolo, kutseka mwamphamvu, kulonga pansi pa bedi. Ndi mayi tinkasinja nthochi ndi mgaiwa, fungo la zitumbuwa n'kumafika mpaka kumsewu. Ankaphikanso thobwa, ndipo Loweruka tinkasenza chigubu kupita pasiteji ya maminibasi.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, amayi a kutchalitchi anabwera kudzatipempherera kuti bambo apeze ntchito. Pemphero lili mkati, kuchipinda kunamveka phuu! Kenako botolo linanso. Palibe anatsegula maso, koma fungo lowawasa linadzaza pabalaza, thovu n'kumayenderera pansi pa katani. Mayi wotsogolera anafupikitsa pemphero. Pomwe tinkati ameni, bambo anali atatuluka kale.

Za vinyo sanazitchulenso. Mawa lake anamangirira chigubu cha thobwa ndi beseni la zitumbuwa panjinga, ulendo wa ku Makata, kukaima pageti la fakitale yomwe inawachotsa ija. Mayi ati bambo anabwerera kawiri asanafike pamsewu, ati matayala aphwa. Ulendo wachitatu anapita ndithu, ndipo anzawo akale ndiwo anayamba kugula. Ku Phalombe sitinapite.

Lero ku Machinjiri nyumba zathinana, minda yasanduka mipanda ya njerwa, ndipo ana anga amadziwa juwisi wa m'paketi basi. Bambo akalamba, njinga anasiya. Koma ndikapita kukawaona amandikokera pambali, n'kunong'ona kuti mayi asamve: "Esi, unayamba waganizapo za jamu wa magwafa?"