AFumulani ndi Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Pakhonde pa sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa zidebe ndi chitseko, pali makina osokera akuda amene akhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Mwini wake ndi mayi wa zaka 35, wamfupi, wosasiyana ndi tepi m'khosi, amene msewu wonse umawatchula kuti aFumulani. Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalifunsa mungotaya nthawi. Ngakhale amuna awo, bambo wokonza njinga kuseri kwa msika, akafuna kuwaputa amawaitana lomweli.

Dzinali sanalitole panjira. Telala wina msoko ukakhota pang'ono amangoupsinja ndi simbi n'kunamizira nsalu. AFumulani ayi. Amatenga lezala, kufumula msoko wonse, kuthothola tiulusi kamodzikamodzi, n'kuyambiranso. Kasitomala aime pamenepo mpaka miyendo iwawe, basi imusiye, iwo ali zyoli pa nsalu. "Dikirani pang'ono, pano sipanakhale bwino." Anthu amadandaula, amalumbira kuti sadzapondanso pakhondepo, koma sabata yotsatira muwapeza abwera ndi zipi ina yothyoka.

Khalidweli analitengera kwa bambo awo, amene anali telala pa makina omwewa. Mkuluyo akapeza msoko wokhota sankakalipa. Ankangoika lezala pa nsaluyo n'kutuluka. Mwana wamkaziyo anakula akuopa lezala kuposa chikwapu. Sukulu ya sekondale anaimaliza bwino ndithu, koma chaka chomwecho bambowo anagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi, ndipo anagona m'chipatala miyezi inayi. Wowadikirira anali iye. M'chipinda chimene bambowo anagonekedwa munali namwino wina wa manja achangu, wothamanga kuchoka bedi ili kupita bedi ilo, ndipo mtsikanayo ankamuyang'ana mpaka kuiwala kudya. Namwinoyo akamanga bandeji pa mwendo wa bambowo mofulumira n'kupita kwa wodwala wina, mtsikanayo ankaimasula mwakachetechete n'kuimanganso mowongoka. Tsiku lina anagwidwa. Namwinoyo sanakwiye. Anangoti, "Iwe uli ndi manja a ntchito ino. Udzabwere."

Bambowo anamwalira, makina anatsala, azing'ono ake anafunika kudya, kenako banja, kenako ana awiri. Mawu a namwino aja anangokhala mumtima osachoka, ngati singano yoiwalika mu mpendero, yobaya pamene suikuyembekezera.

Chaka chatha aFumulani anadzilimbitsa mtima n'kukalemba mayeso olowera ku koleji ya anamwino. Anawerenga miyezi isanu ndi umodzi, buku lili pamwamba pa makina, phazi lili pa chopondera. Zotsatira zitatuluka anapeza malikisi 32 pa 60. Kolejiyo inkafuna 40. Mlembi wa ku ofesi, powapatsa kapepala ka zotsatirako, anawapatsiranso fomu yolembetsera mayeso a chaka chino, nati, "Ibwere pasanafike folo koloko Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Ndipo mayi, ndaona zaka zanu. Munthu akakwanitsa 36 sitimulandiranso. Mwayi wanu ndi uno basi."

AFumulani anapinda mapepala onse awiri kanayi n'kuwaponya m'kabokosi ka mabobini. Kwa aliyense wofunsa ankayankha chimodzimodzi: "Zatha zimenezo. Ine ndine telala."

Zatha zake ziti! Chiyambire tsiku limenelo mayiwa sanakhazikike. Ankasoka mzere umodzi, n'kuima. Kupita kumapeto kwa khonde, kuyang'ana msewu, kubwerera. Kutsegula kabokosi, kutseka. Kuyeza thalauza limodzi katatu n'kuiwala nambala yake katatu. Mwini sitolo, bambo wonenepa amene tsiku lonse amakhala pa mpando pafupi ndi chitseko, anafika potopa. "Alongo, mundimalizira simenti ya pakhonde. Mukuyenda ngati nkhuku yofuna kuikira."

Lolemba la sabata yomaliza kunabwera Aphunzitsi, mkulu wina wopuma pa ntchito, ndi thalauza loti alichepetse m'chiuno. AFumulani pofuna choko anatsegula kabokosi kaja, kapepala ka zotsatira n'kugwera pa nsapato ya mkuluyo. Mphunzitsi, ngakhale atapuma, sangaone malikisi n'kungowadutsa. Anatola, navala magalasi.

"Mayi, pa mafunso 60 aja, munayankha angati?"

"34, Aphunzitsi."

"Nanga enawo?"

"Nthawi inatha."

"Mwayankha 34, mwakhoza 32. Inu mayi! Nthawiyo inapita kuti?"

AFumulani anayang'ana pansi. Kenako anafotokoza. Funso lachisanu ndi chiwiri linali la masamu, la thanki imene madzi akulowa uku akutuluka uku. Anawerengera, yankho lawo silinafanane ndi lililonse mwa mayankho anayi amene anali pa pepala. Anafufuta n'kuyambiranso. Linakananso. Anafufutanso mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Pamene ankadzutsa mutu, theka la ola linali litapita.

"Bwanji osalidumpha?"

"Ndikanalisiya bwanji lili lokhota?"

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola, atagwira mzati wa khonde. "Mwana wanga, pa mayeso safumula. Funso likakuvuta umaikapo kadontho, n'kupita kutsogolo. Nthawi ikatsala, ubwerera. Ikapanda kutsala, basi."

"Kudumpha ndi ntchito ya anthu aulesi," anatero aFumulani, nkhope itachita tsinya.

Mwini sitolo, amene makutu ake samva kasitomala akafunsa misomali koma amamva nkhani za eni, anaponyamo mawu. "Ine ndikuona kale. Odwala khumi ali pa mzere, magazi ali chuchuchu, anamwino athu akufumula bandeji ya woyamba!" Amuna awiriwo anaseka. AFumulani sanaseke. Mawuwo anawapweteka chifukwa anali oona.

Lachitatu Aphunzitsi pobwera kudzatenga thalauza anabweretsa pepala la mayeso a chaka chatha, lomwe lija. Tsiku limenelo aFumulani anaweruka msanga. Kunyumba anachotsa mbale pa tebulo, ana anawatumiza kwa azakhali awo, amuna awo n'kukhala pa mpando ndi foni m'manja kuti awerengere nthawi.

Loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi, pensulo inkathamanga. Kenako thanki ija. Pensulo inaima. Labala anayamba ntchito.

"Dumphani, amayi a ana."

"Khalani chete."

"Mphindi khumi zapita pa thanki yomweyo. Kodi ndi yanu thankiyo?"

"Ndati khalani chete, bambo inu!"

Foni italira anali asanafike ndi pakati pomwe. Anaponya pensulo, inagunda khoma n'kugwera kuseri kwa kabati. Anaimirira, kupita kukhitchini, kubwerera opanda kanthu m'manja, kutuluka panja, kulowanso. Amuna awo anawasiya ayende kaye. Kenako anati, "Ine sindikukakamizani. Mukapita kusukulu, ana ndiwaona, sindinafe manja. Mukasiya, ndinu telala woposa onse m'tauni muno. Koma sankhani chimodzi, aFumulani. Dzulo munandithirira mchere mu tiyi, ine n'kumwa chifukwa cha mantha."

Apa mayiwa anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Kenako ananena chimene anali asanauze munthu aliyense. Ankaopa. Panopa akafunsidwa atha kunena kuti nthawi inawathera, anthu n'kugwedeza mutu momvetsa. Koma akalembanso n'kulephera kachiwiri, khomo litatsekeka, adzanena chiyani? Bola kukhala munthu amene akanakhoza kusiyana ndi munthu amene anayesa kawiri n'kukanika.

"Ndiye mudzakhala pakhonde paja mpaka kukalamba mukutsegula kabokosi," anatero amuna awo, akufufuza pensulo kuseri kwa kabati ndi tsache.

Fomu anailemba Lachinayi m'mawa, chilembo chimodzichimodzi, mowongoka ngati yosindikiza. Anaiika m'chikwama. Kulemba fomu si kuipereka, anadziuza choncho. Ndipo pano ndinene zoona, ngakhale eni ake angakane: tsiku limenelo analandira ntchito zambiri kuposa masiku onse, dala. Makatani a mayi wina, yunifolomu ziwiri, ndi diresi la buluu la mayi wina wogwira ntchito mu ofesi, amene anati adzalitenga Lachisanu poweruka chifukwa akalivala ku msonkhano Loweruka. Munthu wofuna chifukwa chothawira amachipeza.

Lachisanu linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Makatani anatha, yunifolomu zinatha. Maso a aFumulani sankachoka pa wotchi ya m'sitolo, imene imaoneka ukasuzumira pa zenera. Wani koloko. Thu koloko. Phazi linkaponda, mtima uli m'mwamba. Mphindi zisanu zitapitirira fili koloko anamaliza msoko womaliza wa diresi lija, nadula ulusi, nalitembenuza.

Pansi pa khwapa la kumanzere msoko unali utakhota. Pang'ono pokha, osafika ndi theka la chala. Koma unakhota.

Dzanja linapita lokha kukatenga lezala. Nsalu yake inali yoterera, yofuna kufumula pang'onopang'ono. Ntchito ya mphindi makumi anayi. Ulendo wa pa minibasi kukafika ku koleji, mphindi makumi anayi. Masamu awa sanafune labala.

Anakhala choncho, lezala m'dzanja lamanja, diresi m'dzanja lamanzere. Thukuta linkatsika m'khosi, tepi n'kumata. Zinali zosavuta kwambiri: kuweramitsa mutu, kufumula, ndipo podzadzutsa mutu nkhani yonse idzakhala itatha yokha. Palibe akanawanena. Kasitomala ndi kasitomala. Anaika nsonga ya lezala pa ulusi woyamba. Kenako anakumbukira chipinda chija cha m'chipatala, bandeji yokhota pa mwendo wa bambo awo, ndi msana wa namwino akuthamangira bedi lina kumene munthu ankabanika. Zaka zonsezi ankakumbukira kuti bandejiyo anaikonza ndi iwo. Anali asanaganizepo za munthu wa pa bedi linalo.

Anaika lezala pansi. Anasita diresi mofulumira, nalipachika pa hang'ala, nalowa nalo m'sitolo.

"Achimwene, mwini wake akabwera mumupatse. Mumuuze kuti pakhwapa pakhota, abwere nalo Lolemba ndidzakonze. Mumuuze ndithu, musabise."

Mwini sitolo anayasama. "Inuyo? Kupereka chokhota? Mukudwala?"

Koma aFumulani anali atafika kale pamsewu, chikwama kukhwapa, tepi ikadali m'khosi. Minibasi inaima paliponse pamene panali munthu, ngakhale pamene panalibe. Pa mphambano ina kondakitala anatsika kukakangana ndi mnzake. Mayiwa anaimirira, kukhala, kuimiriranso mpaka kugunda mutu kudenga. Atatsika anathamanga monga anali asanathamangire chibadwire mwana wachiwiri. Pa ofesi anafika kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi, mlembi uja akusonkhanitsa kale makiyi. Anayang'ana fomu, anayang'ana tiulusi ta buluu tomwe tinali titamatirira pa siketi ya mayiwa, namenya chidindo.

Pobwerera pakhonde anapeza mwini sitolo akulowetsa zidebe.

"Mwini diresi uja wabwera?" anafunsa aFumulani.

"Wabwera."

"Munamuuza?"

"Ndinamuuza monga munanenera. Analitembenuza, anafufuza, anavala magalasi, anatuluka nalo panja padzuwa. Akuti, 'Pakhota pati?' Ine n'kufufuza naye, awiriwiri ngati tataya ndolo. Sitinapapeze, alongo. Wapita akuseka, akuti palibe telala ngati inu."

AFumulani anakhala pa mpando wawo pang'onopang'ono. Sanadziwe kuti aseke kapena alire. Zaka khumi ndi zinayi! Anthu angati anasiyidwa ndi basi pakhonde pano chifukwa cha misoko imene palibe akanaiona? Chifundo chinawagwira, cha iwo eni, ndi cha mtsikana uja woopa lezala. Anapukuta m'maso ndi kachigamba.

"Tilowetse makina?" anafunsa mwini sitolo.

"Dikirani pang'ono, achimwene. Mundiyang'anire wotchi."

Anatulutsa pepala la Aphunzitsi m'chikwama n'kuliyala pamwamba pa makina. Loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Thanki ija inali pomwepo, madzi akulowa uku akutuluka uku. Analiwerenga kamodzi. Chala chinakhudza labala. Anaika kadontho pambali pa funsolo, napuma mpweya waukulu, n'kuyamba kuwerenga lachisanu ndi chitatu.