Chithunzi cha a Sandifolo chinathera pachipumi

Lolemba lapitali a Sandifolo, aneba anga kuno ku Area 25, anatisiya. Ankagwira ntchito yosankha fodya ku Kanengo. Maliro anali oti akaikidwa Lachinayi kwawo ku Ntcheu, ndipo akazi awo, a Nangozo, anandipempha chinthu chimodzi: chithunzi chabwino choika pabokosi.

Chithunzicho chinalipo, koma chinali m'kakamera kakale ka dijito komwe mlamu wawo anabwera nako kuchokera ku Joni, kopanda memore khadi. Chingwe chake chimalowa pamalo a mano asanu ndi anayi aja amati siriyo. Makompyuta ambiri atsopano malo amenewo alibe. Pamafunika kachingwe kolumikizira, uku USB uku siriyo.

Ndinapita ndi kakamerako kwa Tadala, yemwe amatayipira anthu makalata pamsika wa Nsungwi. Kompyuta yake imayendera Linux, pulogalamu yaulere ija, chifukwa mavairasi obwera m'mafulashi a makasitomala anamutopetsa.

"Achimwene, kachingweko mukagule m'tauni," anatero Tadala. "Koma mukafunse dzina la chipu chomwe chili m'katimo."

Ndinafunsadi. Wogulitsa anaseka.

"Bwana, dzina mukufuna mukakabatize? Ndi orijino aka. Kakangolowa, basi kagwira."

Ndinagula. Kulowa kanalowa. Pakompyuta chithunzi chinayamba kuoneka kuchokera pamwamba: malata a nyumba, tsitsi, chipumi. Kuchoka apo mpaka pansi, phulusa lokhalokha. Tinayesanso, nkuyesanso. Pachipumi pomwepo. Ka CD komwe kanali m'paketi kanali ka Windows, kopanda ntchito kwa ife.

Owerenga anga, zingwe zimenezi kunja kwake n'zofanana ngati mapasa. Chosiyanitsa ndi chipu, kaubongo kakang'ono ka m'katimo. Chipu chodziwika bwino, Linux imabwera kale ndi dalaivala wake, kapulogalamu kochiyendetsa. Mukangolumikiza, kompyuta imachipatsa dzina loti ttyUSB0, CD osafunika. Koma pali zipu zina zobera, zomwe zimadzitchula dzina la chenicheni, kenako nkumataya uthenga panjira. Ndiye ngakhale dzina palokha silikwanira. Tengani chipangizo chanucho popita kushopu, mulumikize pomwepo, mutulutse fayilo yonse mpaka kumapeto. Akakana kuti muyese, tulukani.

Chodabwitsa n'chakuti kuyesa timakudziwa. Babu sitichoka nalo pagolosale asanaliyatse. Malaya a pakaunjika timawatambasula padzuwa, kufufuza ndi m'khwapa momwe. Usipa timanunkhiza. Koma chikangokhala cha kompyuta, timachita manyazi, tikuopa kuoneka akumudzi. Timafunsa funso limodzi lokha: "Ndi orijino?" Kodi munamvapo wogulitsa akuyankha kuti ayi, iyi ndi feki? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachinayi linafika chithunzi palibe. Pabokosi tinaika chapachiphaso cha kuntchito, chokulitsa. Nkhope youma, maso otong'oka, ngati munthu woti waimitsidwa pa rodibuloko. A Sandifolo enieni sanali otero. Akamaseka pakhonde pawo, omwe ali kumpopi ankasekera limodzi asanamve n'komwe nkhani yake.

Kumudziko, azakhali awo okalamba anawerama pabokosi, nachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Kodi mwana wathuyu ankazunzika chonchi kutauniko?" anafunsa.

A Nangozo anangokoka chitenje nkudziphimba kumaso.

Dzulo Tadala wabwereka kachingwe kena kwa mnzake wokonza mafoni ku Chilinde. Mtundu wake womwewo, paketi yake yofanana. Chithunzi chatuluka chonse, osadukiza: a Sandifolo atanyamula mwana wawo wotsiriza paphewa, pakamwa pali yasa ndi kuseka, mwanayo atawagwira khutu.

Ndakachitsukitsa, chili pathebulo panga pano m'envelopu. A Nangozo akadali ku Ntcheu, abwera akatha kumeta. Ndidzawapatsa ndithu. Koma akadzandifunsa kuti nkhope imeneyi inali kuti tsiku lomwe abale amatsanzikana nawo, ndidzati chiyani? Ndidzati wogulitsa anandiuza kuti ndi orijino?