Gasi Watsopano, Firiji Yakale

Ndinali wokonza mafiriji ku Malota, mumzinda wa Livingstone, ndipo ndinkadzitama kuti palibe firiji yondikanika. Yomwe inandigwiritsa njakata inali ya kwathu komwe. Amayi ankadwala shuga, ndipo mankhwala awo obaya ankafunika kukhala pozizira. Amene anakhalapo ku Livingstone mu Okutobala akudziwa kuti ngakhale pamthunzi pamawotcha.

Zaka za m'ma 90 zikupita kumapeto, gasi wakale yemwe tinkathira m'mafiriji anayamba kusowa. Ankati akubowola thambo, ndiye m'masitolo munabwera watsopano. Firiji ya amayi itataya gasi ndinamata pobowokapo, koma gasi wakale wothiramo ndinalibe. Ndinasakasaka mpaka kumsika wa Maramba, ndinabwerako chimanjamanja.

Mkulu wanga ankaphunzitsa sayansi kusekondale. Ndinamufunsa ngati gasi wina angasanduke wina.

"Ku mafakitale ya kunja bamachita," iye anatero. "Bapitisa gasi pa ufa wa girini, okusaidi ya nsimbi ina, yokupya maningi. Gasi ichinja, koma ufa usala chabe mwamene unalili."

Ine ndinangotola mawu akuti okusaidi wa girini. Ameneyo ndinkamudziwa, ndi ufa uja amisiri amasakaniza ndi simenti popaka pansi m'nyumba. Kutacha ndinakagula paketi mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, n'kukamuikira patebulo.

"Ba Ticha, ufa ni uyu. Tiyambe."

Sanaseke. Bola akanaseka.

"Iwe, ni mutundu wamene uyu," anatero motsitsa mawu. "Koma pafunika na asidi yamene idya galasi, na mapaipi yamene sitingapeze muno. Ine niziba chabe pa bolodi."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti maphunziro ake onse ndi fumbi la choko, mawu omwe ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Kenaka ndinachita chomwe ndinkaletsa anzanga. Ndinati gasi ndi gasi basi, n'kuthira watsopano m'firiji yakaleyo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti mafuta a m'kompresa, injini ya firiji yakaleyo, sayendera limodzi ndi gasi ameneyo. Koma ndikanatani, amayi akundiyang'ana?

Inazizira ndithu kwa masabata angapo, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba. Tsiku lina masana kompresa inalira ngati mphero yopanda chimanga, kenaka zii. Madzi akatayika saoleka. Oyandikana nafe ochepa omwe anali ndi mafiriji sakanatithandiza, poti mafiriji awowo anali ndii kuseri kwa nyumba yanga, kudikira gasi yemweyo.

Mankhwala tinawaika mumtsuko, mtsukowo pamchenga wonyowa. Ine mmisiri wamkulu ntchito yanga inasanduka yothirira mchenga.

"Osavutika mwana wanga," amayi ankatero. "Mutsuko nawo ni firiji."

Anamwalira mvula itangoyamba. Anamwino anati matendawo anali atapita kale patali, sizamankhwala ayi. Mwina ankanena zoona. Ine mtima wanga sunavomerepo.

Patapita chaka tinakawaka manda. Mmisiri anafunsa ngati tikufuna simenti ya mtundu. Mkulu wanga anatsegula chikwama chake n'kutulutsa paketi ija, yosatsegula. Sindinkadziwa kuti anaisunga. Sitinayang'anane.

Manda ena ozungulira anasuluka ndi dzuwa kalekale. A amayi akadali obiriwira. Mkulu wanga sananame, ufa uja susintha.