Mmene Anock Longwe Anaphunzirira Swala

Anock Longwe amakonza injini za maboti ku Chikale. Ndi mwana wa mng'ono wa bambo anga, ndipo ine ndine nkhoswe ya banja lake. Zimene ndikulemba pano ndinaziona ndekha, zina anandiuza eni ake.

Sukulu sanapite nayo patali. Ntchito anaiphunzira ku doko ali mnyamata, akugwirira anthu ena masipanala, mpaka asodzi anayamba kufuna iyeyo. Injini ikafa, mwini wake amaisenza paphewa kupita nayo pansi pa mtengo wa mango pamene Anock amakhala. Manja ake ankakhala akuda ndi oilo chaka chonse. Mowa ankamwa kwambiri. Ku tchalitchi anamuimika kangapo, kenako anangosiya kupitako.

Mkazi wake ndi Jessie, timamutchula NyaManda. Ndi mayi wa Umanyano, gulu la amayi a ku tchalitchi, ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi pa boma. Akhala m'banja zaka zoposa makumi atatu. Ana anakula, ena ali ku Mzuzu, wina ku Joni.

Anock analowa Chisilamu ali kale ndi imvi. Anamukoka ndi Che Twaibu, Myao wa ku Mangochi, mwini boti la usipa, amene injini yawo inkafa kawirikawiri. Achibale anang'ung'udza. NyaManda sananene zambiri. Anati, "Ngati mowa utha, apite. Ine ku tchalitchi kwanga sindichokako." Mowa unathadi.

Chovuta chinali swala, pemphero la Asilamu la tsiku ndi tsiku. Munthu ayenera kudziwa poimirira, powerama, pogunditsa chipumi pansi, pokhala, ndi mawu a Chiarabu onena paliponse. Anock lilime ndi lolemera, mawondo ndi ouma. Tsiku lina ku mzikiti anagwada anzake onse ali chiimire, ana kumbuyo nkuseka. Anachita manyazi, nasiya kupitako. Che Twaibu anamuuza kuti azibwera kunyumba kwawo ku Mwaya, azimuphunzitsa awiriwiri kufikira atadziwa.

Pakhomo pa Che Twaibu pankakhala mlongo wawo Asiyatu, mkazi wamasiye, wosakalamba.

NyaManda anayamba ndi kuona manja. Msilamu asanaswali amapanga udhu: amasamba m'manja, m'kamwa, m'mphuno, kumaso, mikono, amapaka madzi kumutu ndi m'makutu, nkutsuka mapazi. Anock anauzidwa kuti girisi wouma pakhungu amatchinga madzi, choncho ankadzikwecha ndi sopo ndi mchenga mpaka zikhadabo kuyera.

NyaManda anabwera kwa ine.

"Alamu, zaka zonsezi ndakhala ndikuwapempha asambe m'manja asanagwire nsalu za pabedi, amakana. Lero akusamba mpaka m'mphuno. Akusambira ndani?"

"Akusambira Mulungu," ndinatero.

"Mulunguyo amakhala ku Mwaya?"

Ndinamuuza apite kunyumba. Ndinkaganiza kuti zitha zokha.

Masana ena Anock atamaliza udhu, akuvala mkanjo kuti anyamuke, NyaManda anamugwira pamkono kuti amupatse foni imene anaiwala pa tebulo. Anock analumpha ngati wapsa ndi mafuta.

"Usandikhudze, iwe! Waona zimene wachita?"

Anabwerera kuseri kukasambanso. Sanafotokoze kanthu. Anock si munthu wofotokoza. Injini akaikonza amangoti yatha.

Mumsika amayi anzake anali atamuuza kale NyaManda kuti Msilamu amaloledwa mitala. Tsopano mwamuna wake ankasamba akakhudzidwa ndi iye, nkupita woyera kunyumba kwa mkazi wina. M'mawa mwake anasiyira mnzake benchi, natsika wapansi mpaka ku Mwaya.

Anapeza nsapato za Anock pakhomo. M'nyumba munkamveka mawu a Che Twaibu, Anock akutsatira mokakamira. Panja Asiyatu ankathira madzi ofunda mu ketulo.

"Madzi awo ndi a ndani?"

"A alendo, mayi. Khalani pansi."

"Mlendoyo ndi mwamuna wanga. Kunyumba ndikamukhudza akuthawa ngati ndili ndi mphere. Mwamupatsa chiyani?"

Asiyatu anaseka, osati mwachipongwe. Anafotokoza bwinobwino kuti malinga ndi mmene iwo anaphunzitsidwira, mwamuna akapanga udhu nkukhudzana khungu ndi mkazi wake, udhuwo waonongeka, ayambirenso. Mayi ake, mlongo wake, mwana wake akamukhudza, palibe kanthu.

"Nanga inu mukamukhudza?"

"Inenso chimodzimodzi. Mkazi aliyense amene angathe kumukwatira. Nchifukwa chake ketuloyi ndimaika pansi, sindimupatsira m'manja."

Asiyatu ankaganiza kuti wamukhazika mtima pansi. NyaManda anangotolapo chimodzi: pa malamulo awo, mkazi uyu ali m'gulu la amene Anock angathe kukwatira. Anathokoza kuti yewu, nabwerera.

Kuyambira tsiku limenelo inali nkhondo. Anock akamaliza udhu nkumatuluka, NyaManda ankaima pakhomo nkumugwira patsaya.

"Muyende bwino, a Longwe."

Anock ankabwerera kuseri. Akatulukanso, NyaManda ankati pakhosi pali nyerere, nkuichotsa. Tsiku lina ndinawapeza akuzungulirana tebulo, mwamuna wa imvi atakweza manja m'mwamba, mkazi akumulondola ndi chala chimodzi.

"NyaManda, nthawi ikutha!"

"Ithe. Mulungu sakudziwa kuti muli ndi mkazi?"

"Ada, muuzeni mlamu wanuyu," Anock anandidandaulira.

"Muuze wekha," ndinatero. "Pakamwa uli napo."

Sanamuuze. Anachita chimene anaona kuti ndi chapafupi: anasiya kupanga udhu kunyumba, nayamba kukapangira ku Mwaya. Ankachoka pa ntchito ndi oilo wake, nkubwera kunyumba atayera ndi madzi ofunditsa Asiyatu. Nthawi zina ankabwera atadya kale.

Apa NyaManda anasiya nthabwala. Anatulutsa zovala zake, mapoto ndi makina ake osokera, naziika pabalaza. Anatuma uthenga kwa ine kuti Loweruka akukwera minibasi kupita kwawo ku Chintheche, ndipo ngati nkhoswe ili ndi mawu ibwere isanafike tsikulo.

Ndinaitana Anock ndi Che Twaibu. Tinakhala pabalaza pomwepo, pakati pa katundu. Ine ndinapita ndikuganiza kuti ntchito yanga ndi kudzudzula mkazi wansanje.

NyaManda sanalire. Anayang'ana Che Twaibu.

"Bambo, ndinu munthu wopemphera. Ndikufunsani pamaso pa alamu anga. Nkhani ya mlongo wanu ndi mwamuna wanga inayamba yatchulidwapo kwanu kuja?"

Che Twaibu anasisita ndevu nthawi yaitali. Kunama sanafune.

"Inatchulidwapo. Ndinaitchula ndine. Asiyatu sakudziwa. Ndinati munthu wolowa kumene amalimba msanga akakhala ndi mkazi wodziwa za chipembedzo pakhomo. Kwa ife si chinthu chamanyazi, mayi."

"A Longwe anati chiyani?"

Tonse tinatembenukira kwa Anock. Ankayang'ana zala zake.

"Sindinavomere," anatero.

"Munakana?"

Anapitiriza kuyang'ana zala zakezo.

Ndinamuuza Anock kuti mkazi uyu anamutola m'ngalande ataledzera kambirimbiri, ndipo sanapakepo katundu. Lero wapaka. Ndinati anene mawu amodzi, tidziwe ngati makinawo akukwera minibasi kapena akubwerera kuchipinda.

Anock anati, "Mkazi wina sindikwatira. Che Twaibu, mwamva. Ada, mwamva. Koma swala sindisiya, NyaManda. Ndikaisiya, mowa ubwerera. Ndikudzidziwa."

"Ndani wanena kuti musiye? Swalini pano. Madzi ndifunditsa ine. Ketulo ndiika pansi ngati mmene amachitira uja. Koma ku Mwaya phazi lanu lisakapondenso."

"Ndipo chala chakocho?" anafunsa Anock.

"Chala ndisunga."

Tinagwirizana kuti Che Twaibu azibwera kudzaphunzitsira ku Chikale. Anabwera masiku ochepa. NyaManda ankawalandira ndi ulemu wonse, nkukhala pa mpando pakhomo ndi lichero la nyemba mpaka phunziro litatha. Che Twaibu sanazolowere kuyang'aniridwa. Anayamba kunena kuti boti likuwatangwanitsa, kenako anasiya kubwera. Injini yawo anayamba kupita nayo kwa mmisiri wina. Anock anataya mphunzitsi ndi kasitomala nthawi imodzi, swala akuidziwa theka.

Kunalibenso kwina kopita koma ku mzikiti. Anakapempha mwalimu wa ana kuti azikhala nawo madzulo akaweruka ku sukulu. Ankakhala kumapeto kwa mkeka, mawondo akulira, kubwereza mawu pamodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu ake. Anamuseka mpaka anatopa. Mvula isanagwe anali akuima pa mzere wa akuluakulu osalakwitsa. Chiarabu chake mpaka lero chimamveka Chitonga, koma palibe amene amamubweza.

NyaManda anasunga mawu ake. Madzi amafunditsa, ketulo amaika pansi, ndipo nkhumba sinaloweponso m'poto mwake. Lamulungu amavala zake nkupita ku tchalitchi. Anock amamuperekeza mpaka pa msewu. Dzina latsopano anapatsidwa ku mzikiti, Idrisa, koma mkazi wake sanalitchulepo.

Chimene NyaManda anachita mwa yekha ndi kusamutsa malonda ake. Anachoka mkati mwa msika, pamene anali ndi makasitomala a zaka zambiri, nakayala tomato wake m'mphepete mwa njira yotsikira ku mzikiti, pamene amaona aliyense wolowa ndi wotuluka. Pamenepo pali fumbi ndi dzuwa, ogula ndi ochepa.

Chaka chotsatira Asiyatu anakwatiwa ndi munthu wa ku Nkhotakota, napita. Sindikhulupirira kuti akudziwa mpaka lero chifukwa chimene mlendo uja anasiyira kubwera. Ndinadutsa pa NyaManda ndikuchokera ku chipatala, ndipo ndinamuuza kuti tsopano angathe kubwerera mumsika, tomato akupsa ndi dzuwa pachabe.

Sanandiyang'ane. Maso anali ku chitseko cha mzikiti.

"Wapitayo ndi Asiyatu yekha, alamu. Akazi amasiye sanathe."