Kaduwa ka Apongozi Anga

Tsiku limenelo pakhonde panga tinalipo anthu asanu: ine mwini khomo, mayi a kunyumba kwanga, mwana wanga wachisamba, mkazi wake amene ndi apongozi anga, ndi mnzanga wina wa kumzikiti wogulitsa matemba ku Songani, amene anangopatuka kudzapumitsa njinga. Mwana wanga ndi mkazi wakeyo amanyamuka ulendo wa ku Phalombe kukadwazika bambo a mkaziyo, ndipo amati akakhalako mwezi ndi kanthu.

Apongozi anatuluka m'nyumba mwawo atagwira kamphika kadothi ndi manja awiri, ngati muli mazira. M'menemo munali kaduwa kakafupi, kosaposa chikhatho changa, masamba obiriwira okhala ndi timizere toyera ngati mitsempha. Sikabala kanthu, ndiwo sikakhala. Koma kanali ka malemu mayi awo, amene anakapeza kalekale akugwira ntchito ya m'nyumba kuphiri ku Zomba. Mayiwo atamwalira, abale anagawana zovala ndi mbale. Apongozi anangotola kamphikako basi.

Iwo amafuna kusiyira mayi a kunyumba. Ine ndinati, "Bweretsani kuno. Chilichonse chomera pakhomo pano mwini wake ndine." Mawu anga ndi aakulu, ndikayankhula pano amamva ali kutsidya kwa mtsinje, ndiye palibe anatsutsa.

Kwathu kuno mpongozi sayankhulana ndi bambo a mwamuna wake maso ndi maso. Anagwada chapatali n'kunong'oneza mwamuna wawo, iye n'kumanditulira: "Bambo, akuti kazikhala m'nyumba, pafupi ndi windo, koma dzuwa lisamakawombe. Madzi pang'ono, pokhapokha dothi likauma pamwamba."

Ndinaseka. "Uwauze kuti sukulu ndinalekeza sitandade thu, koma mpunga wanga anthu amachita kuulondola kuchokera ku Limbe. Ndiyambe lero kuphunzitsidwa kuthirira?"

Mnzanga wa matemba uja anati, "Achimwene, mpunga ndi mwana wa kudambo. Uyu ndi mlendo wa m'nyumba."

"Inu dziwani za matemba," ndinatero.

M'mawa mwake ndinathira kapu imodzi. Ndikuona madzi akutuluka pansi pa kamphika, akuyenderera pawindo. Kukatukula, pansi pali bowo. Ndinati anthu awa, chaka ndi chaka akhala akuthirira mphika wobooka osadziwa. Mlimi wa mpunga akaona madzi akuthawa m'ndime sakhala pansi, amathamanga ndi khasu kukatseka. Ndinakatapa dongo kumtsinje, n'kumata bowolo bwinobwino. Kenako ndinathira mpaka madzi anaima pamwamba pa dothi, mmene timachitira tikawokera. Ndinawazanso feteleza wotsina ndi zala, wotsala kumunda, kuti apongozi adzapeze kaduwa kawo katafika m'chiuno.

Masiku oyamba kanaima njo, ine n'kumaitana anthu odutsa kuti adzaone. Sabata yachiwiri masamba a m'munsi anayamba chikasu. Ndinati ndi ludzu, ndinaonjezera madzi. Mayi a kunyumba akusesa anaima, n'kununkhiza.

"Abambo, mwatsegula sikimu ya mpunga pawindo? Achule afika liti?"

"Sesani, mayi. Za ulimi zisiyeni."

Patapita masiku atatu ndinangokhudza tsinde, linafewa ngati nthochi yovunda, masamba awiri n'kugwera m'manja mwanga. Ndikuuzeni zoona, apa ndinadziwa kuti zavuta. Mbuzi ya mwini ikakufera umagula ina n'kubweza. Nanga ichi, chimene malemu mayi a apongozi anachigwira ndi manja awo, ndikachipeza kuti?

Mnzanga uja atapatukanso anayang'ana, n'kupukusa mutu. "Achimwene, kwerani minibasi. M'tauni muli anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Mukagule kofanana nako, mudzale m'kamphika komweka. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine," ndinatero. "Chibadwire sindinanamizepo munthu pa mbewu. Ndikati mpungawu ndi kilombero, ndi kilombero."

Ndinakhuthulira zonse pa thumba pakhonde. Fungo lake ngati matope a kudambo. Mizu inali yakuda, yoterereka, kungoigwira n'kusungunuka. Apo m'pamene ndinaona kuti bowo lija silinali ngozi, anachita kuliboola woumba mphika. Koma nsonga zitatu zinali zikadali zolimba. Tsono apa ndiye panafunika mlimi weniweni. Mbatata sitidzala njere, timadula nsonga. Chinangwa chimodzimodzi. Ndinatenga lezala latsopano, n'kudula nsonga iliyonse pansi pa mfundo, n'kuthothola masamba a m'munsi. Ndinakatapa mchenga kumtsinje, n'kusakaniza ndi dothi lakuda la pansi pa mango pamene masamba amaolera. Dongo lija ndinaligomola ndekha. Nsonga ziwiri ndinadzala m'kamphika kaja, imodzi m'chitini cha mkaka chimene ndinachiboola ndi msomali, mabowo anayi. Pamwamba ndinavundikira pepala loyera la shuga kuti chinyontho chisathawe, ngati nazale.

Ntchito yovuta inali kusathirira. M'mawa uliwonse ndimalowetsa chala m'dothi, ndikapeza chinyezi ndimaika manja kumbuyo n'kutuluka. Manja amayabwa, eti. Mayi a kunyumba anafika pobisa kapu ija mu dengu la ufa. Nsonga imodzi ya m'kamphika inafota, inapita. Ziwiri zinagwira. Tsiku limene ndinaona katsamba katsopano, kakang'ono ngati khutu la mbewa, ndinaitana mayi a kunyumba ndi mawu oti nkhuku zinabalalika.

Mwana wanga ndi apongozi atabwerako ku Phalombe, odwala aja atapeza bwino, ndinatulutsa kamphika ndi chitini n'kuziika pakhonde. Apongozi anagwada chapatali monga mwa masiku onse. Ndinayankhula ndi mwana wanga, koma mokweza, kuti asavutike kutula.

"Uwauze kuti kaja anandisiyira kanafa. Ndinakamiza ine, osati mayi ako. Ndinatseka bowo, ndinathira madzi ngati mpunga. Anandiuza bwinobwino, ine sindinamve. Awa ndi ana ake, ndadula pa thupi lake lomwelo, sindinagule."

Apongozi anayang'ana nthawi yaitali. Anasendera, n'kukhudza katsamba katsopano kaja ndi chala. Kenako ananyamula kamphika kokha, n'kupita kunyumba kwawo. Chitini chinatsala pamenepo. Ndinati kaya akwiya, kaya anyansidwa ndi chitinicho, ndipo munthu sungakafunse. Ndinatenga khasu n'kupita kumunda kukakonza ngalande.

Mwana wanga anandipeza komweko dzuwa litapendeka. Anaima pamzere, n'kunena kuti, "Bambo, akuti mayi awo nawonso anakapha kawiri asanakadziwe. Ka m'chitini kaja akuti n'kanu, kazikhala kwa inu, kuti kawo kakadzafa adzakhale ndi kokapempha mbewu."