Tsiku limene ndinatsuka injini ya Che Ajasi

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro a pamwezi ndinaipeza pokankha galimoto. Ndinali ndi zaka makumi atatu, laisensi ili m'thumba, nditatha zaka zisanu ndikugona pansi pa galimoto za eni ake pa galaja ina ku Balaka, koma wondilemba panalibe. Tsiku lina ndinapita ku Nsanama kukagula nandolo, ndipo ndinapeza amuna asanu akukankha galimoto yobiriwira pakati pa msika, mkati muli mdala wa kofia yoyera atakhala mwaulemu ngati ali m'ndege. Ndinalowa nawo. Titaikankha mpaka pa chigayo n'kubwerera, ndinati, "Bwana, iyi tikhoza kuikankha mpaka ku Nayuchi, silira. Petulo sakufika."

Mdalayo anatsitsa galasi ndi zikhatho, chifukwa chopukusira chinathyoka kalekale. "Enawa akankha ndi mphamvu, inu mwakankha ndi makutu. Mawa mubwere."

Amenewo anali Che Ajasi, kalaliki wa khoti wopuma pantchito. Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina wa fodya ine ndisanabadwe, ndipo mzunguyo naye anaigulitsa chifukwa inali itakalamba. Ndikanena zimenezi anthu amati ndikuwonjezera. Pali malemu bambo anga, dzimbiri la pa chitseko chakumbuyo linali ndi dzimbiri lakenso. Ulendo wina tinanyamuka ndi nkhuku yoti tikapatse munthu ku Liwonde, tinafika nayo ili ndi anapiye asanu ndi awiri. Mboni zilipo.

Koma ikafuna kuyenda, abale, inkayenda ngati mfumukazi. Mipando yachikopa, giya ili pachiwongolero, injini ikulira pansipansi ngati munthu wokhuta amene akuyimba yekha. Ogulitsa tomato ankaimirira kuti aione bwino. Tsiku lotero Che Ajasi ankatulutsa chigongono pawindo, ndipo munthu sukanadziwa kuti dzulo lake tinakankha.

Ntchito ya m'mawa inali ndi ndondomeko yake. Mu rediyeta tinkathira madzi a mvula okhaokha, amene bwana ankasunga mu diramu, chifukwa a pa mjigo ali ndi mchere. Kenako kuona oyilo, kupopa kachitsulo ka pampu ya petulo kakhumi, kukoka choko, kachitsulo kochepetsa mpweya wolowa mu injini, mpaka theka. Sitata inkagwira ntchito ikakonda. Ikakana, ndinkalowetsa handulo kutsogolo n'kupukusa, chala chachikulu osachikulunga pachitsulo, chifukwa injini ikabweza imathyola dzanja. Mapointi, tizitsulo tiwiri todula ndi kulumikiza moto, ndinkawapala ndi sandipepa, mpata wake n'kuuyeza ndi kakatoni ka bokosi la machesi. Pa disitiribyuta, paja pamene pamagawa moto kupita ku mapulagi, pali kachipewa kakuda. Kathu kanali ndi mng'alu woonda ngati tsitsi, ndipo tinkaumata ndi utoto wa zikhadabo. Komabe matenda enieni a galimoto imeneyi anali petulo. Ikazima kakhumi, kasanu ndi kanayi vuto linali pampu kapena kabyuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya.

Akazi awo a bwana, Abiti Mdoka, ankaitcha mkazi mnzawo. "Mkazi mnzangayu amadya kuposa ine," ankatero, "koma sanasesepo pakhomo pano." Ngakhale ankainyoza choncho, mpando wakutsogolo unali wawo, ndipo ikazima pamsewu sankatsika. Ankangotulutsa mtedza n'kuyamba kusenda.

M'chaka changa chachiwiri mayiwo anadwala, ndipo alongo awo, Che Amidu, anawatenga kuti akawadwazikire kwawo ku Ngokwe. Nthawi imeneyo galimoto inali pamiyala, pampu itaferatu, ina tikuisaka kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Limbe. Bwana ankapita kukawaona pa minibasi. Tsiku lina atabwerako anandipeza pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti, "Akuti ulendo wotsatira ndibwere ndi mkazi mnzawo. Akuti akufuna aimve ikulira pabwalo." Ine ndinamva.

Pampu inapezeka patatha miyezi itatu. Ndinaimanga Lachitatu, tinaiyesa mpaka ku Ntaja n'kubwerera osatsokomola ngakhale kamodzi, tinagwirizana zonyamuka Lachisanu. Lachinayi m'mawa foni inalira. Abiti Mdoka anali atatisiya mbandakucha, ndipo monga mwa Chisilamu, maliro anali oti aikidwe tsiku lomwelo ikatha swala ya masana.

Bwana analowa m'nyumba kukavala mkanjo. Ine manja anasowa chochita. Ndinayang'ana galimoto, fumbi la miyezi itatu lili mbuu, ndipo ndinaona kuti singapite pamaliro a mayi ili choncho. Ndinatsuka thupi lonse la galimotoyo, matayala, magalasi. Kenako ndinatsegula boneti, n'kuona oyilo wakuda amene ndinapaka pomanga pampu, ndinatenga ndowa n'kukhuthulira pa injini. Makaniko aliyense amadziwa kuti injini yakale siithiridwa madzi paulendo. Inenso ndinkadziwa. Tsiku limenelo mutu wanga unali pa ulemu.

Inalira kamodzi, tinanyamuka. Pamsewu wa tala inayenda bwino. Titakhota pa Nselema kulowa msewu wafumbi, mabampu atayamba, inatsokomola kawiri, inagwedezeka, n'kuzima pakati pa minda ya thonje.

"Petulo," anatero bwana.

"Petulo," ndinavomera.

Ndinamasula paipi ndi sipanala ya teni n'kuyamwa. Petulo anabwera. Ndinatsegula kabyuleta, ndinauzira timabowo take tonse, ndinamanga, ndinapukusa handulo. Zii. Ndinakayikira pampu yatsopano ija, ndinaichotsa, ndinaibwezera. Ndinayamwanso. Petulo amene ndinameza tsiku limenelo, ndikanangomeza ndi machesi omwe, bwenzi nditafika ku Ngokwe ndekha pasanathe mphindi khumi. Sindikunama.

Njinga yamoto ya kabaza inaima. "Agogo, kwerani ndikakutuleni."

"Iyayi, mwanangu, pitani. Anati akufuna aimve." Kenako anatembenukira kwa ine. "A dalaivala, yatsala nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi zisanu, bwana."

Mawu amenewo ndinawanena kanayi tsiku limenelo, ndipo njinga zitatu zinaima n'kupita zopanda munthu. Dzuwa linali la Okutobala, loti sipanala ukaisiya pansi umaitola ndi nsanza. Bwana anayala kansalu m'mbali mwa msewu naswali swala ya masana yekha. Atamaliza anakwera pachulu pamene foni inkagwira, ndipo mawu a Che Amidu ndinkawamva ndili pa injini. "Alamu, shehe avomera kudikira mpaka swala yotsatira. Kupitirira apo sitingathe, kutenthaku mukukuona."

Mithunzi itayamba kutalika, zonse za petulo zitanditha, ndinamasula timawaya tiwiri togwira kachipewa ka disitiribyuta. M'kati munali timadontho ta madzi, tonyezimira ngati thukuta. Madzi anga aja anali atakhala m'ngalande ya pansi pa boneti, mabampu n'kuwagwetsera pamng'alu paja. Ndinapukuta ndi malaya anga, ndinakaika padzuwa pang'ono, ndinabwezera. Handulo kamodzi kokha, injini inalira bwinobwino ngati palibe chimene chachitika.

Tikulowa m'mudzi tinakumana ndi amuna akuchokera kumanda, anayi atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, lili lopanda kanthu. Anapatuka kutipatsa njira, maso ali pansi. Titaima pabwalo, amayi amene anali m'nyumba anamva injini, ndipo mng'ono wawo wa malemu anatuluka akulira, "Yafika, achemwali! Ija munkaifunsa ija yafika!" Ndinazimitsa msanga. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kuzimitsa.

Che Amidu anawagwira bwana dzanja n'kupita nawo kumanda, ine ndikutsatira patali. Mwamuna aliyense wa m'mudzimo anali ataponya dothi lake katatu m'dzenje la Abiti Mdoka, kupatula amene anakhala nawo zaka zoposa makumi anayi. Bwana anagwada, anatapa dothi louma la m'mbali, analiika pamwamba pa mtumbira katatu, n'kulisalaza ndi chikhatho.

Tinabwerera patatha masiku atatu. Galimoto inayenda ulendo wonse osadandaula, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ikanazima. Titadutsa pamalo paja ndinalephera kupirira.

"Bwana, sanali petulo. Anali madzi. Ndinatsuka injini."

Bwana anavula kofia. "Ndinakuonani pawindo mukutsuka," anatero. "Ndinakondwa. Ndinati ikafike yoyera." Anapukuta kumaso ndi kofia. "Ndowa munathira ndinu. Njinga zitatu ndinabweza ndine. Aliyense asenze katundu wake."

Sanandichotse ntchito. Ndinawayendetsa zaka zina ziwiri, mpaka maso ndi miyendo zitawakaniza maulendo, ndipo nkhani imeneyi sitinaitchulenso. Koma katundu amene anandigawira uja anali wochepa. Ndowa ija inali kulakwa kwa mphindi imodzi. Chimene chinawamana maliro a akazi awo ndi "mphindi zisanu" zanga zija. Munthu wachisoni sangadzichotse yekha pa lonjezo lake. Ankadikira kuti makaniko anene kuti zakanika, ndipo ine ndinachita manyazi kunena.

Lero ndili ndi kagalaja kanga ku Balaka, ndipo eni galimoto zakale amandidziwa. Ndimazikondabe, ngakhale zina zimabwera zitagwirana ndi waya ndi mapemphero basi. Koma akandiitana kuti ina yafera pamsewu, boneti sinditsegula msanga. Ndimayamba ndafunsa mwini wake kuti akupita kuti. Akati kumaliro kapena kuchipatala, ndimaimitsa chilichonse chimene chikuyenda, n'kumukweza ngakhale akukana, makiyi n'kutsala ndi ine.