Chiwaya cha Mayi Ibbotson

Anthu a ku Attercliffe amanena kuti Mayi Brenda Ibbotson ankadana ndi nyimbo, ndipo kuti ndiwo anazunza gulu lokhalo la oimba limene dera lathuli la mumzinda wa Sheffield linabalapo. Ine ndikukana. Onena zimenezi anangomva kugogoda kwa pakhoma, osafunsa kuti wogogodayo ankafunanji.

M'chaka cha 1981, mafakitale a zitsulo akutsekedwa, anyamata anayi osowa ntchito ankaimbira m'chipinda chapansi cha nyumba yogundana khoma ndi ya Mayi Ibbotson. Nyimbo zawo zinali zija za gitala yokanda ngati mphaka, mawu odandaula, koma ng'oma zovinitsa. Woimba ng'omayo anali Clive Scrimshaw, mwana wa Edna, mnzawo wa mayiwa. Tsiku lina masana, anyamata akujambula nyimbo pa tepi, amuna awo a Mayi Ibbotson anali m'tulo pokonzekera ntchito ya usiku. Mayiwa anatenga chiwaya nayamba kumenya paipi yamadzi yodutsa m'nyumba zonse ziwiri kuti phokoso lithe.

Phokoso silinathe. Koma iwo, amene pautsikana wawo anatha nsapato zambiri m'maholo ovinira, anamva chinthu chowawa kuposa phokosolo: Clive ankatsalira. Ng'oma yake inkakwawa ngati munthu wokwera chitunda ndi katundu. Basi anaiwala za amuna awo, nayamba kumukoka mnyamatayo ndi chiwaya, ngwe! ngwe! ngwe! mpaka nyimbo inaima chilili.

Mbale ya nyimbo zawo itatuluka, kulira kwa chitsuloko, kumene tepi inatola, ndiko kunakoma. Olemba za nyimbo anati ndi mawu a fakitale yomwe ikufa. Clive anavomera ulemuwo ndi manja awiri, ndipo kwa zaka zonsezi wakhala akufotokozera aliyense womugulira mowa mmene anatolera chitsulo kudzala n'kuchiimba ndi phazi. Mayi Ibbotson ankazimva, koma mawu a nkhalamba yokwiya angapose bwanji zolembedwa pa chikuto cha mbale?

Chaka chatha kampani ina yaing'ono inaganiza zodindanso mbaleyo. Odindanso mbale zakale ali ndi mwambo umodzi umene sauphwanya: sataya kanthu. Chifuwa, kuseka, kulira kwa mpando, zonse zimene zili pa tepi amaziika, chifukwa ogula amafuna zimenezo. Ndiye kumapeto kwa nyimbo ija, pamene mbale yakale inadulidwa, anapeza mawu a mzimayi akuboola khoma: "Clive, ukugona pa ng'omapo! Nditsate ine, apo ayi ndikakunenera kwa amako!"

Kampani inakana kudula mawuwo, inakananso kuwadinda mwini wake asanalole. Motero Clive, dazi lili ng'anii, anagogoda pakhomo la Mayi Ibbotson atanyamula paketi ya mabisiketi.

"Ndani uyu? Katswiri wa phazi uja?" anatero mayiwo. "Lowa, usadetse kapeti ndi phazi lako lodziwa nyimbolo."

"Mayi, ndangobwera ndi kankhani kakang'ono."

"Mabisiketi otchipa, nkhani yaing'ono. Khala pansi."

Clive anafotokoza mozungulira. Anati mayiwo angovomera kuti mawu awo amveke, koma za chitsulo zisiyidwe mmene zilili, poti anthu anazolowera.

"Anazolowera bodza lako, mwana wa Edna. Dzina langa lilembedwe."

"Mayi, taganizani za ine. Ndikaonekera bwanji kumowa?"

"Ukaonekera mochedwa, monga mwa nthawi zonse."

Clive anayesa kulimba. Anati mawu a pa tepi akungosonyeza kuti mayiwo anakalipa, osati kuti anaimba. Apa Mayi Ibbotson anadzuka pang'onopang'ono, nalowa kukhitchini, natulukira ndi chiwaya. Anamupatsa.

"Paipi ndi iyo. Imba. Ndi phazi."

Clive anayang'ana chiwaya, nayang'ana paipi, nayang'ananso bondo lake lodwala nyamakazi. Anachiika pa tebulo mwaulemu ngati wosiya nkhata pamanda.

"Alembe bwanji, mayi?"

"Monga analembera lako. Zilembo zisachepe."

Tsono oweruza a ku Attercliffe andiyankhe: wodana ndi nyimbo angapirire phokoso, amuna ake n'kudzuka ali lunda, pofuna kungokonza ng'oma ya mwana wa mnzake? Mayiwa sanathetse gulu lija. Linatha lokha pokanganirana galimoto. Iwo anangolipatsa nyimbo imodzi yovinika, ndipo mpaka lero amati zina zonse za pa mbaleyo ndi zinyalala.

Mbale yatsopanoyo ndinakaigula ndekha Loweruka lapitali, ndipo ndinaika rula pa chikuto. Dzina la Brenda Ibbotson lili pamwamba pa la Clive Scrimshaw, ndipo zilembo zake n'zofanana msinkhu.